Ziliza za Amene Madzi Anawatenga, Poonera ku Thyolo

Munthu wobadwira ku Thyolo akhoza kukalamba osaionapo nyanja. Madzi amene iye amawadziwa ndi a chiperoni chimene chimakuta minda ya tiyi miyezi yozizira, a madamu a m'maesiteti, ndi a mitsinje monga Nswadzi ndi Thuchila imene imathamangira ku Ruo, Ruo n'kukathira mu Shire ku Chiromo. Za ngalawa n'za eni ake a ku Mangochi ndi ku Nkhata Bay. Komabe mbiri ya tiyi wa kuno ndi mbiri ya ngozi yaikulu koposa imene inachitikapo pa nyanja ya Malawi zimakumana pa njanji yodutsa pa Luchenza.

Njanjiyi inatsegulidwa mu 1908. Inkachokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, n'kukwera zitunda za Thekerani ndi Sandama mpaka ku Limbe ndi Blantyre. Chaka chomwecho tiyi anadzalidwa pa Bandanga, ndipo m'zaka zotsatira minda inafalikira mapiri onse. Maclean Kay anatsegula Satemwa mu 1923, Ignaco Conforzi wa ku Italy naye anakuza yake. Mabokosi a tiyi ankakwezedwa m'mabogi pa Luchenza ulendo wa ku doko la Beira. Akafika pa Zambezi ankatsitsidwa n'kuwolotsedwa pa sitima zapamadzi, mpaka mlatho wa Dona Ana unatha kumangidwa mu 1935. Chaka cha 1935 chomwecho njanji ya kumpoto inafika ku Salima kudzera pa doko la Chipoka, ndipo kampani ya Nyasaland Railways inayamba kuyendetsanso sitima za pa nyanja. Kampani imene inkanyamula tiyi wa ku Thyolo ndi yomweyo imene inali mwini wa sitima yotchedwa Vipya.

Njira imeneyi sinali ya katundu yekha. Kuyambira m'zaka za m'ma 1880, Atonga a ku Bandawe ndi madera oyandikira ankatsika pa sitima za African Lakes Company kudzagwira ntchito m'minda ya khofi ya ku mapiri a Shire. Pambuyo pawo panabwera anyamata ophunzira ku Livingstonia, amene ankalembedwa ukalaliki ndi ukapitawo m'minda ndi m'masitolo a kummwera. Wogwira ntchito wotere akafuna kukaona kwawo ankakwera sitima ya pamtunda mpaka ku nyanja, kenako ya pamadzi, atanyamula nsalu, mchere ndi kandalama kamene wasunga.

Tsiku la 30 July 1946

Vipya inapangidwa ku Scotland nthawi ya nkhondo yachiwiri, n'kubwera zidutswazidutswa kudzalumikizidwa m'mphepete mwa nyanja. Nkhondo inachedwetsa zinthu, kotero sitimayi inayamba kunyamula anthu mu 1946. Anthu a kumpoto, amene misewu yawo inkatsekeka mvula ikagwa, anaiyembekezera kwa zaka. Inangoyenda maulendo atatu athunthu.

Pa ulendo wachinayi inanyamuka ku Mbamba Bay, gombe la ku Tanganyika, kuwoloka nyanja kulinga ku Florence Bay, kumene ndi ku Chitimba, kunsi kwa phiri la Livingstonia. July ndi mwezi wa mwera, mphepo yochokera kummwera imene imayenda kutalika konse kwa nyanja, n'kufika kumpoto itautsa mafunde amene asodzi sayerekeza kulimbana nawo. Tsiku limenelo mwera unakula. Mafunde anamenya sitimayo cham'mbali, madzi analowa, iyo inapendekeka n'kugudubuzika, ndipo inamira mofulumira mtunda ukuoneka. Anthu 145 anafa, ochuluka mwa iwo anthu akuda wamba amene anakwera m'kalasi yotsika mtengo. Woyendetsa sitimayo, Farquharson, anamira nayo limodzi. Opulumuka anafika kumtunda atagwirira matabwa ndi zinthu zina zoyandama.

Boma linachititsa kafukufuku, ndipo anthu anatsutsana kwa zaka ngati cholakwa chinali kapangidwe ka sitimayo kapena maganizo a woyendetsa amene anapitiriza ulendo nyanja itakwiya. Kampani ya njanji inaitanitsa sitima ina yolimba ku kampani ya Yarrow, mumzinda wa Glasgow. Imeneyo ndi Ilala, imene inayamba kuyenda mu 1951 ndipo yatumikira anthu a m'mphepete mwa nyanja zaka zoposa 70. Vipya sinavuulidwe. Kumpoto ndi kumene nyanja ya Malawi inazama kwambiri, malo ena mpaka mamita 700, ndipo mabanja ochuluka analira maliro opanda mtembo.

Chikumbutso cha ngoziyi chili kutali ndi kumene inachitikira. Chili ku Mangochi, pa nsanja ya wotchi imene inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Pambali pake pali mzinga wa sitima ya Guendolen, umene unaombera sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann mu August 1914, nkhondo yoyamba itangoyamba kumene. Nsanjayi ili m'gulu la zipilala zimene boma limateteza, ndipo chitetezo chimenecho chimafikira chikumbutso cha omira. Koma nsanjayo ndi ya mfumukazi, ndipo anthu a Vipya anangopatsidwapo malo. Mabuku a alendo akafika pa nkhaniyi amatchula chaka ndi nambala, 1946 ndi 145, n'kupitirira kunena za mzinga.

Mabishopu awiri

Kuti munthu aone kusiyana kwa kakumbukiridwe ka anthu, ayambire kunsi kwenikweni kwa mapiri a Thyolo. Mu January 1862 Bishopu Charles Mackenzie, mtsogoleri wa mishoni ya Anglican ya UMCA ku Magomero, anatsika mtsinje wa Shire pa bwato pamodzi ndi wansembe mnzake Henry Burrup. Anapangana ndi David Livingstone kuti akakumane pamene Ruo amathira mu Shire, ndipo bishopuyo ankayembekezera kukalandira mlongo wake amene ankabwera kudzathandiza ntchito. Usiku wina bwato linagudubuzika. Palibe anamira, koma bokosi la mankhwala linapita ndi madzi, kwinini yense ali momwemo. Atafika pa chilumba cha Malo anapeza Livingstone atadutsa kale. Anakhala pamenepo kudikira, pakati pa udzudzu wa m'dambo, malungo n'kuwagwira onse awiri. Mackenzie anamwalira pa 31 January 1862 ndipo anaikidwa m'mphepete mwa mtsinje. Burrup ananyamulidwa kubwerera ku Magomero, kumene naye anamwalira patangopita milungu yochepa.

Livingstone anadzafika pa manda a bishopuyo n'kuzikapo mtanda. Malowo analembedwa m'mabuku, anajambulidwa, ndipo apaulendo a pa Shire ankaima kukawaona. Mpingo wa Anglican umakumbukira Mackenzie chaka ndi chaka mpaka lero.

Patapita zaka 33, madzi anatenga bishopu wina wa mpingo womwewo. Chauncy Maples anadzozedwa ku London mu June 1895 kukhala bishopu wa Likoma. Ali pa ulendo wokayamba ntchitoyo, pa 2 September 1895, ngalawa ya thanga yotchedwa Sherriff inakumana ndi namondwe kummwera kwa Nkhotakota n'kugudubuzika. Amalinyero akuda anasambira mpaka kumtunda, koma Maples, amene anali atavala mkanjo wake wautali, anamira pamodzi ndi mnzake Joseph Williams. Mtembo wa bishopuyo unapezeka n'kukaikidwa ku Nkhotakota, ndipo tchalitchi cha All Saints chimasunga manda ake. Anzake sanalekere pomwepo. Anasonkha ndalama n'kupangitsa sitima ku Glasgow, imene inayamba kuyenda pa nyanja mu 1901 ndi dzina lake, Chauncy Maples. Inali tchalitchi, sukulu ndi chipatala choyandama, ndipo pambuyo pake inanyamula anthu wamba kwa zaka zambiri.

Palibe chifukwa chochitira nsanje anthu awiriwa. Anafera kutali ndi kwawo, pa ntchito imene anaikhulupirira, ndipo manda awo ndi gawo la mbiri ya dziko lino loyenera kusamalidwa. Chimene nkhani zawo zimaonetsa n'chakuti munthu amakumbukika ngati pali bungwe lolemba dzina lake, losema mwala, ndi lolambula pamandapo chaka chilichonse. Mackenzie ndi Maples anali nalo bungwe lotero. Mayi wa ku Usisya kapena mnyamata wa ku Karonga amene anakwera Vipya analibe, ndipo dzina lake linatsala m'kamwa mwa abale ake okha.

Misitu ya pakati pa tiyi

Anthu a ku Thyolo amaudziwa bwino mkhalidwe umenewu. Woyenda pa msewu wochokera ku Limbe kudzera ku Bvumbwe, kapena wotsetserekera ku Makwasa, amaona tiyi wometedwa bwino mapiri onse, ndi mizere ya bulugamu imene makampani amadzala kuti apeze nkhuni zoumitsira tiyi. Apo ndi apo, m'malire a minda ndi m'mphepete mwa midzi yothinana, pamaoneka kamsitu ka mitengo yachilengedwe kamene nkhwangwa sinakakhudze. Nthawi zambiri amenewo ndi manda. M'boma limene malo ndi osowa chotere, kumanda ndi kumene mitengo yakale yatsala, chifukwa palibe amalowako popanda chilolezo cha mfumu, ndipo wotola nkhuni kumeneko amaitanidwa ku bwalo.

Ambiri mwa ogona m'misitu imeneyi ndi Alhomwe amene anawoloka malire kuchokera ku Mozambique kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, kuthawa nkhanza za ulamuliro wa Apwitikizi, msonkho ndi njala. Eni minda anawalandira chifukwa ankafuna manja. Anawapatsa pokhala, malipiro ake n'kukhala thangata: kugwira ntchito m'munda wa mwini malo m'malo mwa lendi, nthawi yamvula, pamene munda wa munthu mwini ukufuna khasu. Anthu amenewa ndi amene anagwetsa nkhalango, kuzula zitsa, kudzala mbande ndi kuthyola tiyi ndi madengu kumsana. M'mabuku a makampani ankalembedwa pa tikiti ya masiku ogwira ntchito. Akamwalira ankaikidwa mwa mwambo, pa mtumbira wa dothi, mwina n'kudzalapo nkhadze kapena kuikapo mphika wobooka. Ziliza za simenti zolembedwa mayina zinafala mochedwa, pamene ana awo anayamba kupeza ndalama.

Chaka chimene Vipya inamira ndi chomwecho chimene Sir Sidney Abrahams anabwera kudzafufuza za malo m'Nyasaland. Lipoti lake la 1946 linanena poyera kuti thangata ndi dandaulo lalikulu la anthu a ku mapiri a Shire, ndipo linalangiza boma kugula malo osalimidwa a m'maesiteti kuti anthu akhalepo mwaufulu. Zinthu zinayenda pang'onopang'ono. Mu August 1953 mkwiyo unaphulika ku Thyolo konkuno n'kufalikira maboma oyandikana nawo, ndipo anthu 11 anaphedwa. Thangata linathetsedwa mwalamulo mu 1962. Pa kusamukasamuka kwa zaka zimenezo, mabanja ena anapita kukakhala kwina n'kusiya manda a makolo awo m'kati mwa malo a eni ake.

Thyolo ili nawo manda odziwika. Pa Malamulo, mishoni ya Seventh-day Adventist imene inayamba mu 1902 ndi banja la Thomas Branch, mmishonale wakuda wa ku America, mpingo unasunga mayina ndi mbiri za antchito ake. Ku Ndata kuli Mpumulo wa Bata, nyumba yoyera imene Bingu wa Mutharika anaikidwamo mu April 2012. Amenewa sadzasowa owasamala. Amene ali pa chiopsezo ndi manda a m'makomboni akale ndi a midzi imene inasamuka, amene chizindikiro chawo ndi mitengo yokha.

Zimene lamulo limalola

Malawi ali nalo lamulo loteteza malo otere. Nthambi yoona za zinthu zakale inakhazikitsidwa mu 1967, ndipo lamulo la Monuments and Relics Act la 1990 limapatsa nduna mphamvu yolengeza kuti nyumba, phanga, manda kapena malo ena ofunika pa mbiri ndi otetezedwa. Zikatero palibe wololedwa kuwagumula kapena kuwasintha popanda chilolezo cha boma. Mwa njira imeneyi ndi mmene Mandala House ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, manda a amishonale ku Cape Maclear, ndi zojambula za pa miyala ku Chongoni zilili m'manja otetezeka. Chongoni inafika polembedwa ndi UNESCO mu 2006. Mndandandawu ukauwerenga umapendekera ku nyumba za njerwa ndi mayina a anthu amene anali ndi owalembera, chifukwa zimenezo ndi zimene zinali ndi mapepala pamene mndandanda unkayamba.

Maiko ena anayamba ndi kupendekera komweko n'kudzakonza. Pa 21 February 1917 sitima ya Mendi, imene inanyamula amuna akuda a ku South Africa opita kukagwira ntchito ya nkhondo ku France, inagundidwa ndi sitima ina yotchedwa Darro m'chifunga pafupi ndi Isle of Wight. Anthu oposa 600 anamira. Boma la azungu la kwawo silinawapatse ngakhale mendulo anzawo amene anatsala, ndipo kwa zaka zambiri nkhaniyi inasungidwa ndi mabanja ndi mipingo ya anthu akuda. Koma mayina awo anali atalembedwa pa chikumbutso cha Hollybrook ku Southampton, ndipo pamene nyengo inasintha panali poyambira. Mu 1995 chipilala chinatsegulidwa ku manda a Avalon ku Soweto, ndipo mu 2009 Britain inalengeza kuti pamene sitimayo inagona pansi pa nyanja ndi malo otetezedwa. South Africa inatcha dzina la Mendi ulemu umene imapereka kwa anthu olimba mtima.

Mndandanda wa mayina ndi umene unapulumutsa anthu a Mendi ku chiiwalo. Ntchito yotero ingachitikenso kuno. Nyumba yosungira zikalata za boma ku Zomba inatsegulidwa mu 1947, patangopita chaka Vipya itamira, ndipo laibulale ya Society of Malawi, bungwe limene linayamba mu 1946, ili pa Mandala House. Nyuzipepala za nthawiyo, zikalata za kampani ya njanji ndi mabuku a mipingo ya m'mphepete mwa nyanja ndi malo oyambira kufufuza. Mbali ina ili ndi zidzukulu za omirawo ku Nkhata Bay, Rumphi, Karonga ndi Likoma, zimene zimadziwa kuti agogo awo anapita ndi Vipya.

Madzi afika kumapiri

Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yosalekeza masiku angapo pa maboma a kummwera. Mapiri anagumuka ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe, mitsinje ya ku Thyolo inasefukira n'kukokolola nyumba, minda ndi milatho. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'dziko muno, ndipo mazana a iwo sanapezeke konse. Mabanja a kumapiri anakumana ndi chimene mabanja a kunyanja anakumana nacho mu 1946, maliro opanda mtembo.

Mwambo uli nayo njira yake. M'madera ambiri munthu akasowa m'madzi, abale amaika thunthu la nthochi m'manda m'malo mwa thupi, kuti maliro athe, wamasiye amasulidwe, ndi kuti ana adzakhale ndi malo oloza. Mwambowu umavomereza kuti womira naye ayenera malo ake pakati pa abale ake kumanda. Koma mtumbira wa dothi umaphwa pakapita mvula zingapo, ndipo odziwa kuti apa panaikidwa yani nawo amatha. Ngati mayina a anthu a Freddy salembedwa pamwala tsopano, mboni zikadali moyo, adzasanduka nambala monga anachitira a Vipya.

Ku Thyolo anthu oigwira ntchitoyi alipo kale. Adzukulu, amene amakumba manda m'mudzi uliwonse, amadziwa mzere wa banja lililonse ndi malire a manda akale amene sakuikidwanso anthu. Mafumu ali ndi mabuku a anthu awo. Mipingo ya CCAP, Katolika, Adventist ndi ina ili ndi mabuku a ubatizo ndi a maliro, ena a zaka zoposa 100. Makampani a tiyi ali ndi mapu a malo awo, ndipo amene amagulitsa tiyi wawo kunja ndi zizindikiro za Fairtrade kapena Rainforest Alliance anazolowera kale kuonetsa malo amene sayenera kulimidwa. Mulhako wa Alhomwe umasonkhanitsa anthu zikwizikwi pa Chonde mwezi wa October chaka chilichonse, ndipo ambiri mwa iwo ndi zidzukulu za anthu a thangata.

Chofunika n'chakuti khonsolo ya boma la Thyolo, mafumu, eni minda ndi nthambi yoona za zipilala akhale pamodzi, ayende munda ndi munda, alembe manda aliwonse akale pa mapu, ndi kutola mayina amene akadakumbukika. Manda amene ali ndi mbiri yaikulu, monga a midzi ya thangata ndi a anthu ophedwa mu 1953, akhoza kuperekedwa kwa nduna kuti alengezedwe pansi pa lamulo la 1990. Kunyanja nako, chiliza cha mayina pa Chitimba, moyang'anana ndi pamene Vipya inamira, chingafune simenti ndi mwala zochepa poyerekeza ndi nsanja ya ku Mangochi. Ana amene anaona makolo awo akupita ku thangata, ndi amene anaima pa gombe kudikira Vipya mu July 1946, lero ali ndi zaka za m'ma 80 ndi 90, ndipo ofufuza ayenera kuyamba ndi iwowo.